Mbiri ya Kampani ndi Makina Owerenga Zolembedwa: Chitsanzo cha ku Kakumbi m'Chigwa cha Luangwa

Nkhani ino ikukamba za mbiri ya makampani monga momwe imaonetsedwera pa intaneti, ndiponso za luso la kompyuta lozindikira zilembo, lomwe limadziwika ndi dzina lachidule lakuti OCR. Chitsanzo tachitenga ku Kakumbi, dera la mmodzi mwa mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda m'boma la Mambwe ku Zambia. Mafumu enawo ndi Nsefu, yemwe ndiye wamkulu, Jumbe, Mnkhanya, Malama ndi Msoro. Mfundo yathu ndi yakuti makina amabwezera owerenga zimene zidasindikizidwa kale, kotero kuti amene adali ndi mwayi wosindikiza dzana ndi yemwenso mawu ake akumveka kwambiri lero.

Mbiri ya ntchito yokopa alendo ku Luangwa kawirikawiri imayambira pa dzina la Norman Carr. Mkuluyu adabadwira ku Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi, m'chaka cha 1912 ndipo adamwalira mu 1997. Poyamba adali kugwira ntchito yoteteza minda ya anthu ku njovu. Mu 1950 adapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti gawo lina la dziko la mfumuyo lipatulidwe kukhala losungirako nyama, ndi kuti anthu a mfumuyo azipindula ndi ndalama zimene alendo ankalipira. Pakati pa zaka za m'ma 1980 adamanga Kapani m'dera la Kakumbi, pafupi ndi mlatho wa Mfuwe, ndipo malowa adasanduka likulu la kampani ya Norman Carr Safaris, yomwe pambuyo pake idalowa m'gulu la Time + Tide.

Mbiri yotereyi njosavuta kuiika pa intaneti chifukwa zipangizo zake nzambiri: zithunzi, nkhani za m'manyuzipepala, timabuku toitanira alendo, ndi mabuku a Carr mwini wake monga Return to the Wild la 1962, The White Impala la 1969 ndi Valley of the Elephants la 1979. Zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi ndipo zidasindikizidwa mwaukhondo. Sitingaimbe mlandu kampani chifukwa chotamanda amene adaiyambitsa. Mbiri ya kampani ndi mbali imodzi ya malonda ake, ndipo wogulitsa aliyense amayala poyera katundu wokongola. Funso la wophunzira mbiri ndi lina: kodi zikalata zakale zikaperekedwa kwa makina, ndani amapezeka ndipo ndani amasowa?

Tsamba lojambulidwa ndi chithunzi chabe. Kompyuta sidziwa kuti muli mawu. Ntchito ya OCR ndi kulekanitsa inki ndi pepala, kupeza mizere, ndi kuzindikira maonekedwe a zilembo. Pomwe chilembo chafufutika, makina amangoyerekeza potsata zimene adaphunzitsidwa za chilankhulocho. Mwachitsanzo, pulogalamu ya Tesseract idayambidwa ndi kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980, idaperekedwa kwaulere kwa aliyense mu 2005, ndipo kuyambira mu 2006 Google idathandiza kuipititsa patsogolo. Makina ophunzitsidwa Chingerezi amakokera ku Chingerezi liwu lililonse lomwe akulikayikira.

Apa mpamene pagona nkhani kwa ife a zilankhulo. Kachizindikiro kamene timaika pambuyo pa ng nkakang'ono, ndipo pa pepala lakale lodyedwa ndi chinyontho makina angathe kukaona ngati kadontho ka litsiro. Kakatayika, ng'oma yovinira imasanduka ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija. M'chigwa momwe ng'oma ndi ngoma zonse zilimo, ndipo zonse zingatchulidwe m'kalata imodzi, kusokonekera kotere si nthabwala. Chimodzimodzinso chilembo cha ŵ: kadenga kake kamatayika kapena kusanduka chizindikiro chachilendo. Ndiye pali kusiyana kwa kalembedwe. Malamulo a kalembedwe omwe Unduna wa Maphunziro ku Zambia udavomereza mu 1977 amalemba c pomwe ku Malawi timalemba ch, kotero kuti Cinyanja ndi Chinyanja ndi mawu awiri osiyana kwa kompyuta yofufuza zilembo zenizenizo. Mtsinje umene tikuutcha Luangwa Angerezi oyamba ankaulemba Loangwa, Apwitikizi Aruangua. Chipata adali Fort Jameson. Dzina la Mnkhanya limapezekanso lolembedwa Mkhanya. Wofufuza amene walemba dzina la Carr adzalipeza paliponse m'kalembedwe kamodzi. Wofufuza dzina la mfumu kapena la mudzi adzapeza zochepa, nadzaganiza kuti zolembedwa zake nzomwezo.

Vuto lalikulu koposa ndi la anthu amene sadasindikizidwe nkomwe. Ulendo wapansi woona nyama, womwe Carr amatchuka nawo, suyenda ndi munthu mmodzi. Pamafunika mlonda wa mfuti, wodziwa kulondola mapazi a nyama, wonyamula katundu, wophika, ndi omanga misasa ya udzu chaka ndi chaka madzi osefukira akaphwa. Anthu a m'midzi ya m'chigwa ndiwo ankagwira ntchitozi, ndipo nzeru za kuthengo adazitengera kwa makolo awo, alenje omwe ufulu wawo wosaka udachepa malo osungirako nyama atakhazikitsidwa mu 1938 ndi kusandutsidwa paki ya South Luangwa mu 1972. Maina a antchito otere, m'nthawi ya atsamunda, malo ake adali m'mabuku a malipiro ndi a msonkho, olembedwa pamanja. Mbiri za mafumu nazonso akuluakulu a boma ankazilemba m'mabuku a maboma otchedwa District Notebooks, omwe amasungidwa ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Zolemba pamanja zimafuna luso lina. Pulogalamu ya Transkribus, yomwe idayambira pa yunivesite ya Innsbruck ku Austria, imatha kuziwerenga, koma imachita bwino munthu akayamba waikoperako masamba ambiri molondola. Ndipo wokoperayo ayenera kukhala wodziwa kuti dzina la Chikunda limamveka bwanji. Chidindo cha chala, chomwe wosadziwa kulemba ankasainira malipiro, palibe makina owerenga zilembo amene angachitchule dzina.

Komabe mbiri ina ya ku Kakumbi idasungika m'maina. Malo ena a malonda pafupi ndi chipata cha paki amatchedwa Cropping, dzina lotsalira ku ntchito ya boma ya m'zaka za m'ma 1960 yopha njovu ndi mvuu pofuna kuzichepetsa, nyama yake nkumagulitsa. Timabuku toitanira alendo sitikonda kukamba zimenezi, koma aliyense wokwera njinga ku Mfuwe amalitchula dzinalo tsiku ndi tsiku. Carr nayenso anthu a m'chigwa adampatsa dzina lakuti Kakuli, kutanthauza njati yaimuna yokalamba imene yapatuka pa gulu. Dzinali lidakhala mutu wa buku lake lomaliza ndiponso dzina la msasa wina wa kampaniyo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo chifukwa lidasindikizidwa m'zilembo zooneka bwino, makina amaliwerenga mosaphonya.