IPv6 ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani muzifunsa musanagule rauta?

Foni kapena kompyuta ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala yake, ngati mmene nyumba za ku Area 47 zilili ndi nambala ya poloti. Imeneyo ndiye IP adiresi. Mtundu wakale, IPv4, uli ndi manambala pafupifupi 4.3 biliyoni basi. Bungwe la IANA lidagawa omaliza pa 3 February 2011, ndipo AFRINIC ya ku Mauritius, yomwe imagawira makampani a mu Africa muno, kuyambira January 2020 ikungopereka pang'onopang'ono zedi.

Ndiye makampani akumatani? Akumaunjika makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Pa WhatsApp ndi TikTok simungamve kanthu. Koma taikani kamera ya CCTV mu shopu yanu ku Malangalanga, muyese kuilumikiza mwachindunji muli kunyumba ku Area 43, osadzera pa seva ya opanga kamerayo: zimakanika, poti adiresiyo si yanu nokha. Komanso mmodzi akatumiza spam, mawebusayiti amakukayikirani nonse, n'kumakufunsani ngati ndinu munthu kapena roboti.

IPv6, yomwe makampani ngati Google ndi Facebook adaitsegula osatsekanso pa 6 June 2012, ili ndi maadiresi 340 otsatidwa ndi ziro 36. Chipangizo chilichonse chitha kukhala ndi yakeyake.

Kuti mudziwe pomwe muli, pa Android pitani ku Settings, About phone, muone IP address. Yoyamba ndi 192.168 kapena 10 ndi IPv4 ya mkati. Yoyamba ndi fe80 isakunamizeni, imathera pa netiweki yanu yomweyo. Mukaona 2c0f, imeneyo ndi IPv6 yeniyeni yochokera ku AFRINIC. Ngati kulibe, yesani kuika APN protocol pa IPv4/IPv6, koma zimatheka pokhapokha kampani yanu ikuipereka.

Ine langizo langa ndi ili: kaya mukugula rauta ku Bwalo la Njobvu kapena mukuika intaneti mu ofesi ku City Centre, onani ngati pa katoni palembedwa IPv6, ndipo kampaniyo muifunse maso ndi maso musanalipire. Ikabwera, siyani firewall ya rauta yoyatsa ndipo musinthe password yomwe kamera idabwera nayo, chifukwa khomo lomwe mulowere inu, akuba nawo atha kuligogoda.