Mayi amene anatenthedwa pa Hora

Ukatchula phiri la Hora ku Mzimba, ambiri amakumbukira Baza Dokowe ndi Atumbuka ake amene anathawira pamwamba pake cha m'ma 1880, Angoni atawazinga m'munsi. Ena amangoganiza za ingoma ndi mwambo wa Umthetho. Komatu zonsezi ndi za dzulodzuloli. Patsinde pa phirili pali chimwala chachikulu chopendekeka, ndipo pansi pake panagona anthu amene anafa Mngoni, Mtumbuka ngakhale Mchewa asanalote n'komwe zoponda dziko lino.

Mu 1950, J. Desmond Clark ndi W.H.J. Rangeley anakumba pamenepo napeza mafupa a anthu awiri, mwamuna ndi mkazi. Mafupawo anawatengera ku yunivesite ya Cape Town, nkhani n'kuzizira. Inadzatukusidwanso mu 2016 pomwe gulu la Jessica Thompson, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona zinthu zamakedzana, linabwerera ndi zosefera dothi. Anatola timiyala toyera tosongoledwa, mikanda ya zigoba za nkhono ndi mafupa a nyama zosakidwa. Anapezanso manda a makanda awiri, wina wa zaka pafupifupi 14,000, wina 16,000.

Koma chogwetsa nsagwada chinalengezedwa kumayambiriro kwa 2026. M'chimulu cha phulusa munali tizidutswa ta mafupa a mayi wina wamfupi, msinkhu wake ngati mita imodzi ndi theka, amene thupi lake linatenthedwa zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Mu Africa monse sanapezepo umboni wakale kuposa uwu woti anthu anaunjika nkhuni n'cholinga chotentha maliro.

Tangoganizani, awerengi. Mtembo si mbewa yoti uwauze pa mapesi. Ofufuza akuti panafunika nkhuni ndi udzu zosachepera makilogalamu 30, ndipo moto unapitirira madigiri 500. Anthu opanda nkhwangwa yachitsulo anayenera kumwazikana m'thengo kukatola nkhunizo, wina n'kukhala pambali kumasonkhezera. Pa mafupa ena pali mikwasa ya mpeni wamwala. Chigaza ndi mano sizinaoneke, chonsecho mano sapsa wamba. N'kutheka kuti mutu anauchotsa moto usanayatsidwe. Anzake onse a pamalopo anaikidwa m'dothi osatenthedwa. Nanga iyeyu bwanji? Ulemu kodi, kapena mantha? Phulusa silinena. Chomwe likuonetsa n'choti patapita mibadwo anthu ankabwerabe kudzakoleza moto waukulu pomwepo, ngati kuti malowo sanaiwalike.

Anthuwa timawadziwa, kungoti timawadziwa monyoza. Ndi aja agogo ankawatcha Akafula kapena Abathwa, ena amvekere Amwandionerapati, eti chifukwa ukayankha kuti wamuonera pafupi ndiye kuti wamunena ufupi, muvi n'kukupeza. Ana amaseka nthanoyi pamoto madzulo. Koma zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, akatswiri amati ndi manja a anthu omwewa.

Tsono apa mpomwe pali mfundo yowawa. Mu 2017 asayansi anayeza DNA ya mafupa a ku Hora, a m'phanga la Fingira ku Nyika ndi a ku Chencherere ku Dedza, a zaka kuyambira 8,100 kufika 2,500 zapitazo. Anapeza kuti unali mtundu umodzi womwe unakhala kuno zaka zikwizikwi, paubale ndi Akhoisan a kummwera komanso Ahadza a ku Tanzania. Atayerekeza ndi Amalawi a lero amene anayezedwa, magazi awo sanaonekemo. Alimi odziwa kusula chitsulo ndi kuumba mbiya anafika kuno zaka zosakwana 2,000 zapitazo, ndipo ife ndife zidzukulu za obwerawo. Mmadera ena a Africa alimi anakwatirana ndi alenje amene anawapeza, magazi n'kusakanikirana mpaka lero. Kuno ayi ndithu. Kaya inali nkhondo, kaya matenda, kaya kungopanikizidwa pang'onopang'ono nkhalango zikusanduka minda, mayi wa pa Hora uja alibe mdzukulu woti n'kukasesa pamanda pake.