Wotchi ya Chess: Kuchokera ku Mchenga Kufika ku Makompyuta

Pa Khombedza, m'mbali mwa msewu wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota, bawo alibe wotchi. Munthu akaimika dzanja pamwamba pa maenje nthawi yaitali, oonerera ndiwo amamudzutsa: "Achimwene, tasewerani, kukuda!" Chess nayonso inayamba motero. Pa mpikisano wa ku London mu 1851, Howard Staunton anadandaula kwambiri ndi Elijah Williams, yemwe ankatopetsa anzake pongokhala duu osasuntha kanthu.

Mankhwala oyamba anali mchenga. Mu 1861, Adolf Anderssen ndi Ignatz Kolisch anasewera ali ndi timabotolo tothira mchenga pambali, aliyense maola awiri oti asunthe ka 24. Mu 1883 kunabwera wotchi ya nkhope ziwiri ya Thomas Bright Wilson wa ku Manchester: ukasewera, yako imaima, ya mnzako n'kuyamba kuyenda.

Makompyuta atalowa m'bwalo, vuto linasintha nkhope. Pa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mapulogalamu a chess ku Stockholm mu 1974, womwe Kaissa ya ku Soviet Union inapambana, makina ambiri anali kutali, akulumikizidwa pa lamya. Munthu ankawerenga yankho, kusuntha kachidutswa pathabwa, kenaka kudina wotchi. Kupatula kuganiza kwa kompyuta, zala za munthu ndi nthambo za lamya nazonso zinkadya nthawi.

Bobby Fischer anabweretsa nzeru ina mu 1988: wotchi yowonjezera timasekondi nthawi iliyonse wosewera akasuntha. Anaigwiritsa ntchito posewera ndi Boris Spassky mu 1992, ndipo lero mipikisano yambiri ya anthu ndi ya makina imayendera yomweyo.

Komabe mapulogalamu awiri akamamenyana okhaokha, tinthu tating'ono timasokoneza. Uthenga ukachedwa panjira pakati pa pulogalamu ndi woimbira mpikisano, yomwe inkapambana imagonja chifukwa nthawi yaithera. N'chifukwa chake pulogalamu ya Stockfish ili ndi posungirako kanthawi kapadera, ngati mlimi wosiya chimanga chambewu m'nkhokwe. Komanso ina ikaloledwa kuganiza pa nthawi ya inzake zili pa kompyuta imodzi, imalanda mphamvu za makinawo, ngati ana awiri olimbirana mbale imodzi.

Mkangano waukulu unabuka mu 2017, pamene pulogalamu ya AlphaZero ya kampani ya DeepMind inasewera ndi Stockfish maulendo 100, n'kupambana 28, kufanana mphamvu 72, osagonjako. Zonse ziwiri zinapatsidwa mphindi imodzi yokhayokha pa kusuntha kulikonse. Tord Romstad, mmodzi mwa olemba Stockfish, anatsutsa: pulogalamu yawo inaphunzitsidwa kuthamanga pomwe njira ili yoonekeratu ndi kudekha pomwe pavuta, ndiye lamulolo linaimanga manja. Mu 2018 zotsatira zina zinatuluka, za masewero 1,000, iliyonse ili ndi maola atatu ndi masekondi 15 owonjezera pa kusuntha kulikonse. AlphaZero inapambanabe ka 155 ndi kugonja ka 6, koma tsopano panalibe wonena kuti yabera nthawi.

Zaka zonsezi zaonetsa kuti kugawa nthawi ndi mbali ya luso la masewero. Katswiri wa bawo pa Khombedza amatakata mosachedwa pomwe palibe choopsa, koma nyumba yake ikakhala pangozi, oonerera angakuwe bwanji, iye amayamba wawerenga maenje onse.