Matenda a sarcoidosis ndi kapezedwe kake

Sarcoidosis ndi matenda osowa amene amadza pamene chitetezo cha m'thupi chapanga timibulu totupa m'mapapo, pakhungu, m'maso, mumtima ndi m'malo otuluka mwanabele. Matendawa sapatsirana.

Zizindikiro zake zimafanana ndi za chifuwa chachikulu cha TB: kutsokomola kosalekeza, kubanika, kufooka, kuonda ndi kutentha thupi. N'chifukwa chake wodwala amayamba wayezedwa makhololo ndi makina a GeneXpert, kuyezedwa HIV ndi kujambulidwa pachifuwa. M'boma la Mulanje, kuyezaku kumayambira pachipatala cha boma kapena cha Mulanje Mission.

TB ikapanda kupezeka koma matenda n'kumapitirira, wodwala amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko madokotala amadula kachidutswa ka mnofu pamalo otupawo n'kukaunika kulabotale.

Mankhwala ake, prednisolone, amachepetsa mphamvu ya chitetezo, ndipo akhoza kukulitsa TB imene sinapezeke. Choncho anthu asagule mankhwalawa popanda chilolezo cha dokotala. Amene akumwa mankhwala a TB koma sakupeza bwino asawasiye yekha; abwerere kuchipatala ndi buku lake.