Mawu Osasa Amene Anabala Njira ya Alexander

Frederick Matthias Alexander anabadwa mu 1869 ku Table Cape, pachilumba cha Tasmania, kummwera kwa Australia. Anali mwana wodwaladwala, wokonda akavalo ndi zisudzo za Shakespeare. Atakula anapita ku Melbourne, kumene anayamba kupeza ndalama polakatula pagulu. Mavuto anayambira pomwepo. Akakwera pansanja mawu ankasasa, nthawi zina mpaka kutheratu. Madokotala anati apumitse pakhosi. Akapuma mawu ankabwerera, koma akangoyambiranso kulakatula, vuto lija ilo.

Alexander anadzifunsa kuti, nanga bwanji pocheza wamba mawu sasasa? Ndiye kuti pali chimene iye mwini amachita akamalakatula. Anaimika magalasi n'kuyamba kudziyang'anitsitsa. Anaona kuti akati ayambe kulankhula amakokera mutu kumbuyo, amapanikiza kholingo, n'kumakoka mpweya mwaphokoso pakamwa. Pambuyo pake anazindikiranso kuti msana umafupika, zala za kumapazi zikukanirira pansi.

Chimene chinamuzunguza mutu chinali china. Akayesa kukonza kaimidwe ka mutu, m'thupi ankamva kuti wakhoza, koma galasi linkamuonetsa akuukokerabe kumbuyo. Chizolowezi chinali chitazika mizu moti chopotoka chinkamveka ngati chowongoka. Kwa ine, njira yonse ya Alexander yagona pamenepa, ndipo n'chifukwa chake sanapange masewera olimbitsa thupi. Anaphunzira kuyamba wadziletsa, osathamangira kulankhula, n'kulola khosi kumasuka, mutu kulunjika kutsogolo ndi m'mwamba, msana kutalika. Mawu anabwerera.

Anaphunzitsa ena ku Melbourne ndi ku Sydney mothandizana ndi mng'ono wake Albert Redden, ndipo mu 1904 anasamukira ku London, kumene akatswiri a zisudzo anamukonda. Poona kuti kufotokoza pakamwa pokha sikukwanira, ankatsogolera mutu ndi khosi la wophunzira ndi manja ake, munthuyo akukhala ndi kudzuka pampando. Buku lake loyamba, Man's Supreme Inheritance, linatuluka mu 1910. John Dewey, George Bernard Shaw ndi Aldous Huxley onse anaphunzirako kwa iye. Sukulu ya aphunzitsi anaitsegula mu 1931.

Bamboyu sanali dokotala, komabe ankalankhula za matenda molimba mtima kuposa umboni umene anali nawo. Mu 1944 Dr Ernst Jokl anamunyoza m'magazini ya Manpower ku South Africa kuti ndi wonyenga. Alexander anasuma. Mlandu unazengedwa ku Johannesburg mu 1948 ndipo unamukomera, ngakhale mwini wake sanafike kubwalo chifukwa anali atagwidwa ndi sitiroko. Anachira, n'kupitiriza kuphunzitsa mpaka imfa yake ku London mu 1955. Ophunzira ake anakhazikitsa bungwe la aphunzitsi a njirayi mu 1958.