Chiyankhulo ndi Malipiro ku Migodi ya ku Joni

Mu 1978, katswiri wa zachuma Barry Chiswick anasonyeza kuti amuna osamukira ku America ankayamba ndi malipiro otsika, koma pakatha zaka 10 mpaka 15 ankafanana ndi mbadwa. Mbiri ya Amalawi amene ankapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela imaonetsa pamene ganizoli limalekezera.

Wobwera kumene, wosamva chiyankhulo, ankayambira pa fosholo. Akadziwa Chifanakalo, chimene akuluakulu ankalamulira nacho pansi pa mgodi, nabwereza makontrakiti angapo, ankatha kukhala kapitawo. Odziwa Chingelezi cha kusukulu za mishoni, monga Livingstonia, ankalembedwa ukalaliki, ntchito yopepuka ndiponso ya malipiro okwererapo.

Komabe makwererowo anali aafupi. Lamulo la migodi la 1911 linasungira azungu ntchito zaluso, ndipo munthu wakuda sanaloledwe kukhala ndi chiphaso chophulitsira miyala kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kontrakiti ikatha, mlendo ankabwezedwa kwawo. Motero chiyankhulo ndi kukhalitsa zimakweza malipiro pokhapokha lamulo litalola mlendo kukhazikika ndi kukwera.