Mbuzi ya Mayi Konile

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, pokonzekera phunziro la mbiri ya South Africa ndakumbukira nkhani imene imandichititsa manyazi monga mphunzitsi.

Pa 3 Marichi 1986 apolisi a boma latsankho anapha anyamata asanu ndi awiri ku Gugulethu, mu mzinda wa Cape Town. Mmodzi mwa iwo anali Zabonke Konile. Patatha zaka khumi, mu 1996, amayi ake, Mayi Notrose Konile a ku Indwe, anakaperekera umboni ku bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu la TRC, limene ankatsogolera Akibishopu Desmond Tutu. Misonkhano yake inkayamba ndi pemphero.

Mtolankhani Antjie Krog, yemwe ankatolera nkhanizi wailesi ya SABC, anaona ngati umboni wa mayiwa unali wosokonekera. Ankanena za mbuzi imene analota, za umphawi wawo, za mwala umene unawagwera pokumba malasha. Kodi zimenezi zinkagwirizana bwanji ndi imfa ya mwana?

Krog sanaiiwale nkhaniyi. Anagwirizana ndi Nosisi Mpolweni, katswiri wa Chixhosa, ndi Kopano Ratele, katswiri wa za maganizo a anthu, ndipo anamvetseranso mawu a mayiwa m'chinenero chawo. Zimene anapeza zili m'buku la There Was This Goat la 2009. Kusokonekera kwina kunabwera ndi kumasulira m'Chingerezi. Kwina kunali kwa omvera, osadziwa moyo wa kumudzi. Kwa mayiwa loto lija linali malodza, chenjezo lakuti kukubwera zovuta. Umphawiwo unali mbali ya maliro omwewo, pakuti mwana amene ankamudalira anali atapita.

Naye Fiona Ross, m'kafukufuku wake wa 2003, anaonetsa kuti amayi ambiri ku TRC ankafotokoza za amuna awo ndi ana awo aamuna, osati za nkhanza zimene iwo eni anakumana nazo.

Manyazi anga ndi awa. Kangapo konse ndalembapo ndi cholembera chofiira kuti “nkhani yako ilibe mutu” pa chimangirizo cha mtsikana wofotokoza imfa ya mayi ake. Ankayamba ndi loto, kenaka pemphero, kenaka chimanga chimene chinatha m'nkhokwe. Ine ndinkafuna chiyambi, thunthu ndi mathero. Lero ndimayamba ndamuitana mwanayo kuti andisimbire m'Chichewa. Kawirikawiri mutu umakhalapo, wosamva ndimakhala ine.